Suti yanga yoyera ndi nyulu za ku Fes

Tili pa chipata cha Bab Boujloud, pomwe alendo ambiri amalowera mumzinda wakale wa Fes, mwana wathu wamkazi ananena kuti tipeze munthu wotitsogolera. Iyeyu amaphunzira ku Rabat, ndipo ndi amene anatiitana ife makolo ake pamodzi ndi mlongo wake wamng'ono kuti tidzaone dziko la Morocco. Anati mkatimo muli tinjira toposa 9,000, tina tongothera pa khomo la munthu, galimoto sizilowa, ndipo ngakhale mapu a pa foni amachita chizungulire.

Nditamva madirham amene wotsogolerayo ankafuna, ndinawatembenuza m'mutu kukhala makwacha, mtima n'kukana. Munthu amene anaphunzitsa jogalafe mpaka kupuma pa ntchito, amene amalowa mumsika wa Limbe Loweruka la kumapeto kwa mwezi n'kutuluka chikwama chili m'thumba, salipira mnzake kuti amuonetse njira.

"Bambo, mumvereni mwanayu," anatero amayi a kunyumba.

"Mayi, msewu uwu ukutsetsereka. Pobwerera tidzangokwera. Nanga apa pakufunika digiri?"

Tsikulo ndinavala suti yanga yoyera, ija ndimavala ndikakhala nkhoswe pa ukwati. Panali chifukwa chake. Mumzindamu muli Al-Qarawiyyin, mzikiti umene mayi wina, Fatima al-Fihri, anamangitsa mu 859 ndi chuma chimene bambo ake anamusiyira, ndipo ambiri amauwerenga kuti ndi yunivesite yakale kwambiri imene ikugwirabe ntchito padziko lonse. Mphunzitsi sapita malo ngati amenewo atavala sikipa. Ndinkafuna chithunzi chimodzi chokha choti nditumize pa gulu lathu la WhatsApp la aphunzitsi opuma, ena aja akhale chete kaye ndi nkhani zawo za ku Johannesburg.

Tinatsetsereka mu Talaa Kebira, ine patsogolo. Tinadutsa pa butchala pomwe anapachika mutu wa ngamila, mnyamata wathu n'kutenga foni yanga kuti azijambula. Tinalowa mu Bou Inania, sukulu yachipembedzo imene mfumu Abu Inan anamangitsa cha m'ma 1350, yodzaza matabwa a mkungudza osemedwa ndi timatailosi ting'onoting'ono. Ndinafotokoza mbiri yake bwinobwino. Palibe anamvetsera, chifukwa amayi anali atamva kale kuti kumunsi kuli zikwama zachikopa.

Kuti munthu uone malo ofufutira zikopa a Chouara, umalowera m'sitolo ya zikwama n'kukwera masitepe mpaka pakhonde la pamwamba. Anzanga anatsogola. Ine ndinatsalira pang'ono kukonza tayi. Pakhomo panali bambo wina waulemu kwambiri, amene anandigwadirira pang'ono n'kundipatsa kanthambi ka masamba a minti.

Apa tamvetsetsani. Chifikireni ku Morocco, kulikonse kumene tinakhala pansi ankatipatsa tiyi wa masamba omwewa. Ndinkadziwa kuti ndi chakudya. Ndipo ine ndinaleredwa kuti chimene mwini nyumba wakupatsa pakhomo suchifunsa mafunso. Ndinalandira ndi manja awiri, n'kutafuna. Ndinagwedeza mutu kusonyeza kuti zikukoma. Bamboyo anandiyang'ana kwa kanthawi, n'kundipatsa kanthambi kena. Ndinadyanso. Anaitana mnzake mkati, mnzakeyo anabwera, nayenso n'kundipatsa kena. Ndinaona kuti anthu a ku Fes ndi odziwa kuchereza alendo. Mpaka lero ndimanena kuti akanakhala anthu oopa Mulungu akanalankhula.

Nditafika pamwamba ndinapeza alendo a mitundu yonse ataima phee, aliyense atagwira kanthambi kake pamphuno.

Kenako fungo linandipeza.

Pansipo pali maenje ozungulira ambirimbiri omangidwa moyandikana. Ena ndi oyera, mmene amaviika zikopa za ng'ombe, nkhosa ndi mbuzi m'madzi a laimu kuti ubweya usosoke. Akatero amaziviikanso m'madzi osakaniza ndi zitosi za nkhunda kuti zifewe, anyamata ali momwemo mpaka m'ntchafu, kupondaponda ndi mapazi. Maenje ena ndi a utoto, wofiira, wabulawuni, wobiriwira, ndipo zikopa zachikasu amaziyanika pamadenga. M'maso n'zokongola zedi, zoyenera pa kalendala. Koma kalendala ilibe mphuno. Dzuwa linali litatentha zitosi zija kuyambira m'mawa, ndipo mphepo inkabwera nazo molunjika pomwe ndinaima.

"Adadi, minti yanu ili kuti?" anafunsa mwana wamkazi uja, mawu akutulukira m'masamba.

"Ndasunga."

"Ili m'mano," anatero mlongo wake. Mwana ameneyu sindikudziwa anatengera ndani.

Ndinatembenukira kwa amayi kuti tigawane. Munthu amene tinalumbira naye pamaso pa abusa kuti tidzakhala limodzi pa mtendere ndi pa mavuto anangosunthira uko, kanthambi kali pamphuno, mapewa akugwedezeka.

M'mimba munayamba kutembenuka, minti ija n'kumafuna kubwerera komwe inachokera. Ndinatsika masitepe mothamanga, kudutsa chipinda cha majekete, chipinda cha malamba, chipinda cha masilipasi, n'kutulukira pa khomo lina, osati lomwe tinalowera. Ndinapezeka m'kanjira kopapatiza moti nditatambasula manja ndinakhudza makoma onse awiri. Ndili mkati mopuma, ndinamva munthu akukuwa kuti "Balak! Balak!" Anthu onse anathawira m'makomo. Ine khomo ndinalibe. Ndinangodziphatika kukhoma, mimba n'kuikokera mkati.

Inali nyulu. Inasenza zikopa zonyowa, zongovuulidwa kumene mu utoto wofiira, zitalendewera uku ndi uku. Nyamayo sinafulumire. Inadutsa mwaulemu, zikopa zikundipukuta kuyambira pa phewa la kumanja, kudutsa pa tayi, mpaka pa thumba la kumanzere. Nditayang'ana pachifuwa ndinachita manyazi, n'kutembenukira kukhoma kuti anthu asaone. Sindinadziwe kuti nyuluzo zinali zotsogozana. Yachiwiri inalemba kumsana. Iyo inasenza zimene zinali zisanafike pa utoto, zochokera kwa nkhunda.

Mwini nyulu ananena mawu ena, mwina opepesa, mwina ayi, n'kumapita.

Ndinakumbukira nzeru zanga zija zoti pobwerera tidzangokwera. Ndinakwera. Kanjira kanakhota n'kuyamba kutsetsereka. Ndinalowa kena, kanathera pa chitseko. Foni inali ndi mnyamata. Amphaka, omwe mumzindamu ndi osawerengeka, anayamba kundilondola, woyamba mmodzi, kenako banja lonse. Njira iliyonse imene ndinasankha inkandibweretsa pa bwalo la Seffarine, pomwe amisiri amasula miphika ya mkuwa, ngwe ngwe ngwe tsiku lonse. Mmisiri wina poyamba anandipatsa moni. Nditatulukiranso anandikwezera dzanja. Pambuyo pake anasiya nyundo n'kumangodikira kuti nditulukira mbali iti.

Amene anandipulumutsa ndi nkhalamba ina yogulitsa mikanjo. Inandikodola ndi dzanja, koma itaima patali ndithu, n'kundionetsa mkanjo wabulawuni wofika m'mapazi, wokhala ndi chipewa chosongoka, umene iwo amati djellaba. Ku Morocco mtengo woyamba suvomera, mwana anatiphunzitsa. Koma munthu wonunkha, amphaka ali pambuyo, alibe mphamvu zonenerera. Ndinalipira. Ndalama zake zikanakwana wotsogolera uja ndi nkhomaliro yake, koma wotsogolera sungamuvale, choncho sizifanana. Jekete, shati ndi tayi tinaziika m'jumbo, nkhalambayo n'kumanga pakamwa pake kawiri.

Ndinakhala pansi pa mtengo pabwalo pomwepo, chipewa n'kuchikokera kumaso, jumbo lili pakati pa miyendo. Mzungu wina anabwera, anandiweramira, anandijambula, n'kundiikira kandalama m'manja. Ndinalandira, poti ndanena kale mmene ndinaleredwera.

Posakhalitsa ndinaona banja langa likubwera. Mwana wamkazi ankafunsa amisiri aja m'Chifalansa chosakaniza ndi Chiarabu ngati aona bambo wa suti yoyera. Mmisiri wanga uja anangoseka osayankha, n'kuyambanso kusula. Anadutsa pamaso panga penipeni. Mnyamata anaima, anandiloza ndi foni yanga yomwe, n'kujambula. Ndinamumva akuuza mchemwali wake kuti wapeza gogo weniweni wa kuno. Ndikanakuwa, koma ndinali ndikukonza kaye mawu oyambira.

Amayi ndi amene anabwerera m'mbuyo. Sanayang'ane nkhope. Anayang'ana pansi.

"Nsapato izi ndapolisha ndine m'mawa uno," anatero. "Bambo, tadzukani."

Al-Qarawiyyin inapezeka kuti ili pafupi pomwepo, ndinali ndikuizungulira nthawi yonseyi. Anthu omwe si Asilamu salowa mumzikitimo, amangosuzumira pakhomo n'kuona bwalo la matailosi ndi kasupe wosambira. Tinasuzumira. Koma mlonda wa pakhomo, ataona mkanjo wanga ndi imvi, anandipatsa moni waulemu n'kusuntha kuti ndidutse. Phazi linali litanyamuka kale pamene amayi ananditsina m'nthiti.

"Ndinu mkulu wa mpingo inu."

Chithunzi chinajambulidwa pakhomo pomwepo. Pa gulu la aphunzitsi ndinangotumiza cha mutu wa ngamila.

Kamnyamata kena ka sukulu ndi kamene kanatitulutsa mumzindamo, ndipo amayi anakapatsa ndalama kuchokera m'chikwama chawo chatsopano, akundiyang'ana. Pafupi ndi chipata tinakhala pansi kuti tidye. Anatibweretsera pastilla, chitumbuwa chopyapyala chokhala ndi nyama mkati, pamwamba atawaza shuga ndi sinamoni. Ndinafunsa kuti ndi nyama yanji. Mwana anafunsa woperekera zakudya, n'kuyamba kuseka asanamasulire. Inali nkhunda. Ndinadya yanga yonse ndi theka la ya amayi, mwaukali, osasiya kanthu.

Matekisi ang'onoang'ono ofiira a ku Fes amanyamula anthu atatu okha, ife tinali anayi. Dalaivala woyamba anatsitsa galasi, anakoka mpweya, n'kuloza ndi chala amene akwere: amayi, mtsikana, mnyamata. Wachiwiri anavomera kunditenga, koma tinachita kupangana. Ndinakhala kumbuyo, dzanja lili kunja kwa zenera, jumbo likulendewera mumphepo kuyambira pa chipata mpaka kusiteshoni ya sitima, ndipo pa maloboti aliyense wa njinga yamoto amene anaima pambali pathu ankayamba wayang'ana kunsi kwa nsapato zake.