Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Mphoto ya ku Madrid

Gawo lapitali ndinalekezera pomwe ndinapeza ntchito yolembedwa, ine n'kumadziona ngati ndafika. Nkhani ya leroyi ndakhala ndikuilumpha zaka zambiri. Ngakhale ana anga aimva koyamba pompano.

Uthengawo unabwera pa imelo m'mwezi wa June. Pamwamba panali chidindo chagolide, m'munsi siginecha yokhotakhota ya munthu wodzitcha mkulu woona za mphoto. Ankati kompyuta yasankha adilesi yanga pakati pa maadilesi a padziko lonse, ndiye ndawina ma euro 615,000 pa lotale ya ku Spain yotchedwa El Gordo. Poyamba ndinaseka. Koma madzulo ake ndinalemba dzinalo pa intaneti, ndipo apo mpamene ndinaterereka, chifukwa El Gordo ilipodi. Ndi lotale ya Khirisimasi imene inayamba mu 1812, imachitika pa 22 December chaka chilichonse, ndipo manambala owina amachita kuwaimba ngati nyimbo ana a sukulu ya San Ildefonso ku Madrid. Ndinaonera kanema wa anawo mpaka usiku, mtima uli phaa. Zoti ife tili mu June osati December, ndiponso zoti amawina ndi munthu amene wagwira tikiti m'manja, sizinandipitire m'mutu. Munthu ukafuna chinthu umafufuza zokhazo zokuvomereza.

Nditayankha imeloyo, m'mawa mwake foni inalira. Anali bambo wa mawu ofatsa, wosafulumira, ngati dokotala. Za ndalama sanayambe nazo. Anayamba ndi kundichenjeza. Anati ndisauze munthu aliyense, ngakhale wa m'nyumba, kufikira ndalama zitalowa kubanki, chifukwa anthu owina lotale amaberedwa, ena amaphedwa kumene. Anati ngati sindikukhulupirira ndifufuze ndekha.

Ndinafufuza, n'kupeza kuti sakunama. Ku Florida, m'dziko la America, Abraham Shakespeare anawina madola 30 miliyoni mu 2006. Anthu anamuunjirira, wina wangongole wina wamaliro, mpaka panatulukira mayi wina, Dorice Moore, wonena kuti amuthandiza kusamala chumacho. Shakespeare anasowa mu 2009, ndipo mtembo wake unapezeka mu January 2010 utakwiriridwa pansi pa simenti kuseri kwa nyumba. Moore anagamulidwa kukakhala kundende moyo wake wonse. Ndinawerenganso za Jack Whittaker wa ku West Virginia, ku America komweko, amene anawina madola pafupifupi 315 miliyoni mu 2002, chaka chotsatira akuba n'kumuthyolera galimoto muli ndalama zoposa theka la miliyoni. Usiku umenewo ndinayang'ana mayi a kunyumba ali mtulo, ine n'kumadziuza kuti ndikuwabisira pofuna kuwateteza. Mpaka lero mbali imeneyi ndi imene imandiwawa kuposa ndalamazo. Wakubayo anatenga ngozi yeniyeni, yoti yagweradi anthu, n'kutsekera nayo pakamwa panga. Ndinatsala ndekhandekha ndi mawu ake m'khutu.

Kenako panabwera ndalama yoyamba. Anati ndi yotsegulira fayilo, yochepa kwambiri poyerekeza ndi mphotoyo, koma kwa ine inali theka la malipiro a mwezi. Ndinafunsa funso limene aliyense amafunsa: bwanji osangodula pa mphoto pomwepo? Anaseka mwaulemu, amvekere ndalamazo zili pa inshulansi, lamulo silimulola kukhudzapo ngakhale pang'ono. Yankholo linatuluka losalala ngati mwala wa mumtsinje, kusonyeza kuti ladutsa m'makutu ambiri, koma ine ndinangomva kuti ndikuchita ndi anthu otsata malamulo.

Pamalo otumizira ndalama kunja ndinapezapo mayi wina wovala magalasi. Anayang'ana fomu, n'kuyang'ana ine. Dzina la wolandira silinali la bambo wa pafoni uja, linali la munthu wina, ati mlembi wawo.

"Bambo, munthu ameneyu mumamudziwa?"

"Eya, ndi msuweni wanga, ali pasukulu kumeneko."

"Munaonanapo naye maso ndi maso?"

"Mayi, tinakulira nyumba imodzi."

Anakhala kaye chete cholembera chili m'mwamba, kenako anadinda. Bodza limenelo bambo uja anachita kundiphunzitsa pafoni dzulo lake, ati a m'makauntala amachita nsanje. Mayi uja, kulikonse kumene ali, anayesetsa.

Patatha masiku anayi kunabwera vuto. Banki ya kumeneko, ati, ikufuna satifiketi yotsimikiza kuti ndalamazo si za uchigawenga kapena mankhwala ozunguza bongo. Mtengo wake unali kuwirikiza katatu woyamba uja. Apa ndiye mtima unayamba kundiuza zoona, ndisakubisireni. Kungoti kuvomera kuti ndaberedwa kunali kuvomeranso kuti ndine chitsiru, pamene kulipira kunkasiya kakhomo kotsegula koti mwina zonsezi n'zoona. Ndinalipira yachiwiriyo pofuna kupulumutsa yoyamba. Ndinatapa pa ndalama zimene tinkasungira sukulu ya mwana wathu woyamba, n'kumati ikafika mphoto ndibweza kakhumi, palibe adzadziwe. Satifiketi inabweradi pa imelo, ya chidindo chofiira, dzina langa atalilemba molakwika.

Yachitatu anati ndi msonkho, ndipo ndikapanda kulipira pofika Lachisanu mphoto ibwerera ku boma. Bambo wofatsa uja anali atasintha tsopano, ankaimba kasanu pa tsiku, nthawi zina kundikalipira kuti ndikumuchititsa manyazi kwa mabwana ake pamene iye wandimenyera nkhondo. Ndinalibe potapa. Ndinapita kwa achimwene anga kukabwereka, nditakonza nkhani ya bizinesi. Achimwene si munthu wopupuluma. Anandifunsa mafunso awiri atatu, nkhani ya bizinesiyo n'kugwa yokha, ndipo ndinangotulutsa foni n'kuwaonetsa kalatayo. Anawerenga mpaka pansi, n'kundibwezera.

"Mphwanga, tikitiyo unagula kuti?"

"Achimwene, imeneyi siyogula tikiti, amasankha ndi kompyuta."

"Ndiye ndalama zimene wawinazo anasonkha ndani?"

Ndinasowa chonena. Lotale iliyonse ndi ndalama za anthu ogula matikiti, eni ake amatapapo zawo, zotsala n'kupatsa owina ochepa. Popanda wogula palibe mphika. Mfundo yosafuna sukulu, koma inandidutsa milungu itatu. Achimwene anati ukathyali umenewu uli ndi dzina, amautcha 419, potengera gawo la malamulo a dziko la Nigeria lokhudza kutenga chuma cha munthu mwachinyengo, ngakhale ochita zimenezi ali m'maiko ambirimbiri. Pambuyo pake ndinadzawerenga kuti ndi wakale kuposa intaneti. M'zaka za m'ma 1800 anthu ankalandira makalata a papositi onena za mkaidi wolemera wotsekeredwa ku Spain, wofuna kandalama kochepa kuti atuluke adzagawane nawe chuma chake. Dziko lake lomwelo, nyambo yake yomweyo, ine n'kumadziona ngati wosankhidwa.

Achimwene sanandinyoze. Anangoti ndalama sandipatsa, ndipo ndikapanda kuwauza alamu awo usiku womwewo adzawauza okha. Mayi a kunyumba anamvetsera nkhani yonse manja ali pamiyendo. Ndinkayembekezera kulira kapena kukuwa. Iwo anangofunsa kuti, "Ndiye bambo, zikanabweradi ndalamazo, mukanandiuza liti?" Za ndalama za sukulu sanatchule n'komwe tsiku limenelo. Tinazibweza pang'onopang'ono chaka chathunthu, koma funso lijali linatenga nthawi yaitali kuposa pamenepo.

Ndinasiya kuyankha foni ya bambo uja, nayenso anatopa. Patapita miyezi isanu kunaimba munthu wina, mayi, wodzitcha loya wa bungwe lothandiza anthu oberedwa pa intaneti. Ankadziwa dzina langa, masiku amene ndinatumiza ndalama, ndi kuchuluka kwake ndendende. Anati akuba aja agwidwa, ndalama zanga zapezeka, chongofunika ndi kandalama kochepa ka kukhoti. Pano ndikudziwa kuti maina a anthu amene analipirapo amasungidwa pamndandanda, akathyali n'kumagulitsana okhaokha, chifukwa amene anagwapo kamodzi savuta kumugwetsanso. Koma tsiku limenelo ndinaima pakhonde foni ili kukhutu, ndipo ndinadzipeza ndikuwerengetsera mumtima ngati kandalamako ndingakapeze pofika mawa. Mayi a kunyumba anatuluka, n'kundiyang'ana nkhope, n'kutambasula dzanja. Ndinawapatsa foniyo.

Gawo lotsatira ndidzakamba za mmene ntchito ija inathera.