Zikomo kwa Inu Amene Munapeza Timabokosi Tathu Mwangozi

Ife amene timasewera geocaching, masewera obisa ndi kusaka timabokosi, muno mu Lilongwe tikuthokoza alonda, osesa m'misewu, ana asukulu ndi amayi otola nkhuni amene mwakhala mukupeza timabokosi tathu pansi pa miyala kapena m'mphako za mitengo, n'kubwezera pomwe munapezapo.

Tikudziwa kuti ambiri mumayamba mwachita mantha poganiza kuti ndi chithumwa. Awa ndi masewera chabe, anayambira ku America mu Meyi 2000. Wobisa amalemba pa intaneti manambala a GPS osonyeza malo amene wabisapo kabokosi, ena n'kumasaka ndi foni. M'katimo mumakhala kabuku kolembamo dzina ndi tsiku, mwina pensulo ndi tizidole. Ndalama mulibe.

Chatikondweretsa kwambiri n'choti munabwezera pamalo enieniwo. Foni imatha kuphonya ndi mamita 5 kapena 10, ndiye kabokosi kakasunthidwa pang'ono chabe, wosaka amazungulira mpaka kubwerera chimanjamanja. Inu amene munatseka chivindikiro mwamphamvu munapulumutsa kabuku, chifukwa mvula ya Disembala mpaka Malichi ikalowa, mapepala amamatana n'kuchita nkhungu, chiswe n'kudzamaliza zotsalazo. Tikuthokozanso amene munalambula udzu wouma pafupi nyengo yosaka mbewa isanafike, pakuti pulasitiki imasungunuka ndi moto.

Mukapezanso, lembani dzina lanu m'kabukumo, ndinu olandiridwa. Mukatenga kadole, siyanipo kena kofanana nako mtengo. Koma kachitsulo kokhala ndi nambala musapite nako kunyumba, chonde. Mwini wake amakatsatira pa intaneti pamene kakuyenda kuchoka bokosi lina kupita lina, mpaka kunja kwa dziko.