Tsiku limene ndinadya Malawi ku Tunis

Anayambitsa zonsezi ndi mwana wathu wamkazi, amene ndi namwino ku Leeds, ku England. Ine ndi mayi ake titakwanitsa zaka 40 tili m'banja, iye anati mphatso yake ndi ulendo wa sabata imodzi pa sitima yoyenda m'nyanja ya Mediterranean. Sitima yaikulu imene ine ndinkaidziwa ndi Ilala, imene ndinakwerapo kawiri kuchoka ku Monkey Bay kupita ku Nkhata Bay. Tsono titafika padoko la Genoa, mwezi wa Julayi, ndinamufunsa mwana uja ngati sitimayo ili kuseri kwa chinyumba chansanjika chimene chinatitchinga. Anaseka mpaka misozi. Chinyumbacho ndiye chinali sitimayo.

Masiku atatu oyambirira ndinali phee, ngati mkamwini amene wangolowa kumene pamudzi wa eni. Ku Italy chilichonse ndinkachita kuuzidwa: imani apa Adadi, dinani apa Adadi, icho si chakumwa ndi chosambira m'manja. Koma usiku wachitatu, tikudya patebulo limodzi ndi banja lina la ku Germany ndi lina la ku Scotland, analengeza kuti m'mawa tikocheza ku La Goulette, doko la mzinda wa Tunis. Mapewa anga anakwera okha.

"Mawa mukhala alendo anga," ndinawauza azunguwo. "Tunisia ndi Africa. Ndipotu dera loyamba limene Aroma analitcha Africa ndi lomwelo."

Apo sindinaname. Ndaphunzitsa mbiri yakale kusekondale kwa zaka 32, ndipo njovu za Hannibal, mkulu wankhondo wa Carthage (mzinda wakale umene mabwinja ake ali pafupi ndi Tunis), zimene anadutsa nazo mapiri a Alps mu 218 B.C., ndazijambula pabolodi mpaka choko chinandilowa m'mapapo. Ndiye mwana uja atanena kuti watilembetsa basi ya sitima yokaona malo, mayuro 70 munthu mmodzi, ndinakana kwamtuwagalu. Ndilipire mnyamata wonyamula kambendera kuti andiuze za Carthage? Ine?

Mayi akunyumba anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Bambo, safunsa anadya phula. Kapepala kaja alowetsa pansi pa chitseko mwakawerenga?"

Ndinati ndakawerenga. Zoona zake n'zoti m'mawa mwake ndinakulungira banzi lotsala pa chakudya cham'mawa, n'kuponya m'thumba la jekete. Chokhacho chimene ndinamva pa zolengeza zija n'chakuti aliyense akhale atalowa m'sitima pofika 4:30 madzulo, ndipo 5 koloko tinyamuka.

Iwo anakwera basi yawo yozizira. Ine ndinayenda wapansi kukakwera kasitima ka panjanji kotchedwa TGM, kamene kamalumikiza Tunis, La Goulette ndi La Marsa. Nzeru inali yosavuta: ndikaona chikwangwani cholembedwa Carthage, nditsike. Chimene mabuku anga sananene n'chakuti panjanji imeneyo pali masiteshoni asanu ndi limodzi otchedwa Carthage: Salammbô, Byrsa, Dermech, Hannibal, Présidence ndi Amilcar. Ndinatsika pa yoyambirira, mtima uli m'mwamba, ndikuyembekeza kuona malinga a mzinda umene unazunguza mutu Aroma. Ndinapeza nyumba zoyera za anthu olemera, maluwa atalendewera m'mipanda, ndi mphaka atagona pamwamba pa galimoto.

Nditazungulirazungulira ndinafika pa doko lozungulira lija, limene akale analemba kuti linkasunga zombo zankhondo zoposa 200. Lero ndi dziwe lodekha, timabwato ta asodzi tili ndendende m'mbali. Aroma atagonjetsa mzindawu mu 146 B.C. sanachite zachibwana, anaupsereza. Ndinaima pamenepo kanthawi, ndipo kunena zoona kukhosi kunandithina, poti malo amene wawaphunzitsa moyo wako wonse osawaona ali ngati wachibale womudziwira pachithunzi. Kenako dzuwa linandikumbutsa kuti ndavala jekete.

Ndinayenda mtunda ndithu kukafika ku mabwinja a malo osambira a Antoninus, mfumu ya Aroma, m'mphepete mwa nyanja. Ndinafuna chithunzi choti ana asukulu anga akale akachione pa Facebook. Ndinatembenukira kumene kunali mpanda wokongola ndi mitengo yobiriwira, n'kukweza foni. Wapolisi wonyamula mfuti anangogwedeza chala chimodzi, uku ndi uku. Mpanda wokongolawo ndi wa nyumba ya pulezidenti. Foni inalowa m'thumba mofulumira kuposa mmene inatulukira.

Ndinakweranso kasitima kaja kulowera ku Tunis, kakudutsa pakati penipeni pa nyanja yaing'ono ya mzindawo, madzi uku madzi uku. Ndipo mlandu wanga unayambira potsika. Pafupi ndi siteshoni, poyambira msewu waukulu wa Habib Bourguiba, pali nsanja yaitali ya wotchi. Wotchiyo inkati 12 koloko. Ndinayang'ana foni, nayo 12 koloko. Ndinayang'ana wotchi yanga ya pamkono, imene aphunzitsi anzanga anandipatsa popuma ntchito, ndipo inkati 1 koloko. Wotchi imeneyi chichokereni ku Zomba sindinaisinthe, ndipo masiku onse a m'sitima inkagwirizana ndi mawotchi awo, chifukwa m'chilimwe cha kwawoko nthawi ya ku Italy imafanana ndi ya ku Malawi. Koma ine ndine mkulu wampingo, ndimadziwa kuti nkhani imatsimikizika ndi mboni ziwiri. Ndinaidzudzula wotchi ija kuti yakalamba ngati mwini wake, n'kuibweza ola limodzi m'mbuyo. Ndinamva ngati Mulungu wandipatsa ola laulere.

Polowa mu mzinda wakale, umene amautcha medina, pachipata cha Bab el Bhar, bambo wina wa ndevu zometa bwino anandipatsa moni ngati tinasiyana dzulo. Ndinayankha "Salaam aleikum" amene ndinaphunzira kwa anzanga a ku Mangochi, iye n'kusangalala. Anayesa Chiarabu, ndinalephera. Anayesa Chifalansa, ndinalephera. Tinakumana pa Chingerezi chothyokathyoka, ndipo anandifunsa kumene ndachokera.

"Malawi," ndinatero, ndikudzigunda pachifuwa.

"Mlawi?" Maso ake anawala. Anayang'ana pamene ndinkagunda, anatsitsa maso pang'ono kufika pamimba, n'kundigwira dzanja. "Bwerani, bwerani!"

Ndinati onani, ngakhale kuno dziko lathu likudziwika, mwina chifukwa cha Flames. Ndinaganiza kuti akupita nane kwa Mmalawi mnzanga. Tinakhota tinjira titatu, n'kuima pa kawindo pamene mayi wina ankakazinga chibuledi chopyapyala pachiwaya chachikulu, chonga chapati koma chopindapinda. Bambo uja anachiloza monyadira: "Mlawi!" Abale, ku Tunisia dzina la dziko lathu ndi chakudya. Amapakamo tsabola wawo wotchedwa harissa, n'kuikamo nsomba ya tuna, dzira ndi tchizi, n'kukulunga.

Mayi uja analoza mbale ya harissa, kundifunsa ndi maso. Ine wodya kambuzi ndinamuuza ndi dzanja kuti awonjezere. Anawonjezera. Ndinati awonjezerenso. Ndinaluma kamodzi, ndipo ndinaona makolo anga. Misozi ili chuchuchu, ndinayang'ana mtengo pakhoma: 4.500. Ndinayamba kukuwa kuti buledi mmodzi sangagulidwe ndalama zikwi zinayi, ndine mwana wa mu Africa muno, asandione jekete. Anthu anasonkhana. Kamnyamata kena ka sukulu kanatenga ndalama m'dzanja langa, kanasankha kakobidi kamodzi ka madinala asanu, n'kundibwezera chenji. Dinala imodzi imagawidwa m'timagawo 1,000 totchedwa millime, choncho mitengo imalembedwa ndi manambala atatu kumapeto. Ndinkamenyera nkhondo madinala anayi ndi theka.

Bambo wa ndevu uja sanandisiye pa manyazi anga. Anati kuti mtima ukhale pansi, akandionetse mzinda wonse kuchokera padenga, ulere. Tinadutsa m'misika yofoleredwa, ya mafuta onunkhira, ya zipewa zofiira, mpaka tinakwera masitepe. Padengapo panalidi pokongola: matailosi amitundumitundu, madenga oyera mbee mpaka kutali, ndi nsanja ya mzikiti wa Zitouna pafupi ngati ungaigwire. Kungoti njira yotsikira sinali imene tinakwerera. Inkadutsa m'sitolo ya makapeti ya msuweni wake.

Anandikhazika pampando, anandipatsa tiyi wa timbewu tonunkhira m'kagalasi, ndipo anyamata awiri anayamba kuyala makapeti pamapazi anga, wina pamwamba pa mnzake, ngati ndine Inkosi ya Makosi. Sindinabwere kudzagula kapeti. Kunyumba tili ndi simenti yopaka polishi wofiira ndipo sinatilakwirepo. Koma mwini sitolo atalemba 900 pa kakyuleta, magazi a mumsika wa Limbe anawira. Ndinalemba 200. Anagwira pamtima ngati ndamutukwanira mayi ake. Ndinaimirira n'kumapita kukhomo, anandibweza. Tiyi wachiwiri. Tiyi wachitatu. Tinagwirana chanza pa 450, ndipo ndinamukakamiza kuti aike banyira, chipewa chofiira chija amachitcha chechia. Ndinachivala pomwepo. Ndinapereka khadi la kubanki limene mwana uja anandipatsa kuti ndi la pangozi zokhazokha.

Kamakina katatulutsa lisiti, ndinaona kachizindikiro kamene sindinakayembekezere. Tinkatsutsana m'mayuro, osati m'madinala, ndipo yuro imodzi inali madinala atatu ndi kanthu. Ndisanatsegule pakamwa, mwini sitolo analoza khadi la sitima limene linali m'khosi mwanga, n'kufunsa mwaulemu kwambiri ngati ndaganiza zogona ku Tunis. Anati anzanga onse a makhadi oterewa anachoka kalekale. Ndinamuonetsa wotchi: 3:25. Iye anapukusa mutu. Tunisia sasintha nthawi m'chilimwe, choncho amatsalira ola limodzi kumbuyo kwa Italy, ndipo sitima yathu inkayendera nthawi yake. Munthu ameneyu ankadziwa zimenezi kuyambira pa tiyi woyamba. Anadikira lisiti.

Mu medina simulowa takisi. Ndinasenza kapeti pamutu, pamwamba pa chipewa, n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka, bambo wa ndevu ali patsogolo akukuwa kuti anthu apatuke. Kunja kwa chipata anandikankhira mu takisi yachikasu, imene dalaivala wake, mwamwayi wodabwitsa, analinso msuweni wake. Kapeti inatulukira pawindo. Ndinafunsa ngati tikafike. "Inshallah," anatero dalaivala, akuyatsa ndudu. Mawuwo ndimawadziwa, ndipo sanandilimbitse mtima. Pofuna chopukutira thukuta ndinapisa m'thumba, n'kutulutsa banzi lija. Pa pepala lokulungira panali zilembo zazikulu, m'zinenero zisanu, zochenjeza kuti munthu asasinthe wotchi yake ndipo asakhulupirire nthawi ya pafoni. Chenjezolo ndinayenda nalo tsiku lonse.

Pachipata cha doko wapolisi anayang'ana khadi langa n'kufunsa dziko.

"Malawi!"

Anamwetulira, n'kuyamba kunena kanthu akuloza chakumsika.

"Ndadya kale!" ndinakuwa m'Chichewa, n'kudutsa.

Apo sitima inaliza lipenga lake, lija limamvekera m'mafupa. Pabwalo lalitali la simenti panalibe munthu wina aliyense, ine ndekha, mphunzitsi wopuma wa zaka 66, jekete, chipewa chofiira ndi kapeti. Ndipo m'makhonde onse a chinyumba chija munali anthu, mazanamazana, akuimba m'manja ndi malikhweru. Amalinyero anali atagwira kale zingwe za mlatho wokwerera. Chapakatikati mphepo inaulutsa chipewa. Nzeru inati chisiye. Koma pa zonse za tsikulo, chinthu chokhacho chimene ndinapeza mwaluso langa chinali chimenecho. Ndinabwerera. Sitima yonse inabuula pamodzi, "Ooooh!" Nditachitola inaphulika ngati Flames yagoletsa pa Kamuzu Stadium.

Ndinalowa ndili wefuwefu, mlatho n'kukwezedwa kumbuyo kwanga. Mwana uja anandilandira ndi foni m'manja, ikuonetsa uthenga wa kubanki. Mzungu wa ku Scotland anafunsa ngati kwathu kuli bwino. Mayi akunyumba sananene kanthu, ankangodinadina foni yawo, ndipo ndinadziwa pambuyo pake kuti kanema yense, kuyambira pachipata mpaka pa chipewa, anali akupita ku gulu la WhatsApp la amayi a Mvano. Iwo ku Carthage anafikako, ku Sidi Bou Said kwa zitseko zabuluu anafikako, anadyako ndi madonasi a shuga, ndipo 3 koloko anali atabwerera n'kugonako pang'ono.

Atamaliza kutumiza anandigwira mkono, n'kuyang'ana wotchi.

"Ibwezereni pamene inali, bambo. Ndipo muipepese."

Kapeti ili pabalaza ku Zomba. Palibe amaloledwa kupondapo, ngakhale abusa. Zidzukulu zimayenda m'mbalimbali ngati zikulambalala chithaphwi. Lamulungu loyamba titabwerako, ndikulowa m'tchalitchi, mkulu wampingo mnzanga anandigwira chanza kwa nthawi yaitali, nkhope ili yaulemu, n'kundinong'oneza: "Takulandirani a Hannibal. Nanga njovu mwazisiya kuti?"