Tempuleti ya kalata ya mpingo inandidyera sabata yathunthu

Ine ndine mlembi wa mpingo wathu, ndiye makalata onse amadutsa m'manja mwanga, kaya ndi ya ubatizo, kaya yosamutsa mkhristu kupita ku mpingo wina, kaya yoitanira misonkhano ya akulu a mpingo. Ndinatopa nako kumangokopera kalata yakale n'kumafufuta dzina la munthu, chifukwa tsiku lina kalata ya mayi wina inatuluka ndi dzina la mudzi wa munthu wina amene ndinamulembera mwezi wapitawo, ndipo zinandipweteka mtima kwambiri poona mayiyo wabwerera nayo atayenda mtunda wautali. Basi ndinakhala pansi n'kupanga tempuleti mu Word, chizindikiro cha mpingo pamwamba, adiresi kumanja, malo a deti, malo osainira abusa pansi, zonse pa tsamba limodzi bwinobwino. Ndinaisunga ngati .dotx, mtundu wa fayilo ya tempuleti mu Word, ndipo ubwino wake ndi woti ukaidina kawiri imakutsegulira kalata yatsopano yopanda dzina, yoyambirira ija osaikhudza ayi.

Vuto linayamba nditadwala malungo. Ndinatumiza fayiloyo pa WhatsApp kwa achimwene amene amandithandiza, iwo laputopu yawo ili ndi LibreOffice, pulogalamu ina yolembera m'malo mwa Word. Madzulo anandiimbira, akuti "achemwali, kodi kalatayi munaipanga ya masamba awiri dala? Malo osainira abusa ali okhaokha tsamba lachiwiri." Ine ndinakana ndithu, ndinati ayi achimwene, mwina mwadina china chake. Anandijambulira sikirini, ndipo zoonadi chizindikiro chinali chitatsetserekera pa adiresi, mizere yatalika, siginecha yathawira kuseri.

Nditachira ndinaifufuza nkhaniyi mpaka ndinaimvetsa. Kalata yanga inali mu fonti (mtundu wa zilembo) ya Calibri, ija imene Word anayamba kuika yokha kuyambira Office 2007 m'malo mwa Times New Roman. Koma fontiyo siyenda limodzi ndi fayilo, imakhala mu kompyuta momwe muli Office. Ikafika pa makina opanda Calibri pulogalamu imangotola fonti ina imene ilipo, ndipo zilembo zikangonenepa pang'ono chabe mzere uliwonse umasefukira, mpaka pomaliza tsamba lonse lakankhidwa. Mankhwala ake alipo, pali fonti yaulere yotchedwa Carlito imene zilembo zake n'zofanana m'lifupi ndi za Calibri, titaiika pa laputopu ya achimwene kalata inabwerera pa tsamba limodzi. Ndipo amene muli ndi Microsoft 365 dziwani kuti kumeneko anasinthanso, pano fonti yoyambira ndi Aptos, ndiye nkhani yomweyi ibuka ngakhale pakati pa anthu awiri oti onse ali ndi Word, wina watsopano wina wakale.

Chizindikiro chija nacho chinali ndi mlandu wake. Ndinachiika choyandama, ndiye kuti chosamangirira pa mzere wa mawu, ndi adiresi mu kabokosi ka mawu (text box) pambali pake, ndipo zinthu zoyandama zimenezi ndi zimene mapulogalamu amasiyana kwambiri powerenga. Ndinachotsa zonse n'kuika mu tebulo la mabokosi awiri lopanda mizere yooneka, kuyambira pamenepo sichinasunthenso.

Kenako ndinapita nayo ku shopu yopulintira pa trading centre. Kompyuta yawo imodzi ndi yakale zedi, ili ndi Word 2003, ndipo itaona .dotx inangokana kutsegula. Apa mpamene ndinadziwa kuti .dot ndi .dotx si zinthu zofanana ngakhale maina akuyandikana. Ya .dot ndi ya kalembedwe kakale ka Word 97 mpaka 2003, pomwe .dotx inabwera ndi Office 2007 ndipo m'kati mwake ndi zip chabe, fayilo yopanikizamo mafayilo ena, mukaikopera n'kusintha dzina kukhala .zip muona timafayilo ta XML tambirimbiri ndi chithunzi chanu chili mu foda yakeyake, ine ndinayesa ndipo ndinachipezadi chizindikiro cha mpingo chili momwemo. LibreOffice nayo ili ndi mtundu wake, .ott, wochokera ku OpenDocument imene bungwe la ISO linaivomereza mu 2006, pomwe ya Microsoft ija inavomerezedwa mu 2008. Ndiye pali miyezo iwiri yovomerezeka ya ntchito imodzi, ndipo pulogalamu iliyonse imachita kumasulira ya inzake. Ine pamenepa zimandikwiyitsa ndithu, chifukwa amene amavutika ndi ife ogwiritsa ntchito makina opatsidwa kapena ogula pa kaunjika, amene sitingasankhe kuti tonse tikhale ndi pulogalamu imodzi.

Mnyamata wa pa shopupo anatsegula pa kompyuta ina, koma pulinta inayamba kuphethira kufuna pepala la Letter. Eti tempuleti yanga yonse ndinaipanga pa saizi ya ku America osadziwa. Letter ndi mamilimita 216 m'lifupi ndi 279 m'litali, pomwe A4 imene timagula kuno ndi 210 ndi 297, ndiye m'mbali mumapanikizika pansi n'kutsala malo. Zimenezi zinachokera mu Normal.dotm, tempuleti imene Word amaitsegula mwakachetechete nthawi zonse ukayamba tsamba lopanda kanthu, ndipo ya pa kompyuta yanga inali pa Letter chiikireni Office.

Za .dotm ndinazisiya dala. Ndinkafuna kuika macro, kapulogalamu kakang'ono ka m'kati mwa fayilo, yoti izilemba yokha nambala ya kalata, koma .dotx siisunga ma macro, pamafunika .dotm, ndipo imeneyo Word amaichenjeza ikachokera pa intaneti, komanso pa foni siigwira. Chenjezolo lili ndi chifukwa, kachilombo ka Melissa mu 1999 kanafala kudzera mu macro ya Word yomweyi. Nambala ndimangolemba pamanja kuchokera m'kaundula.

Pano mu fulashi ya mpingo muli foda imodzi, muli .dotx yanga, .ott ya achimwene imene tinaikonza limodzi pa laputopu yawo, ndi .dot ya kompyuta yakale ija, zonse pa A4, zonse mu Arial, poti LibreOffice ili ndi Liberation Sans yolowa m'malo mwake ndendende. Kalata yopita kukapulinta ndimaisandutsa PDF kaye. Lamulungu lapitali achimwene analemba okha makalata atatu a ubatizo ine ndili ku maliro kumudzi, abusa anasaina onse pansi pa tsamba loyamba.