Mmene Land Cruiser ya dizilo inafikira pakhomo panga ku America

Ndinkafuna galimoto ya m'matope ndi m'miyala, ndipo mtima unali pa dizilo. Vuto linali loti kuno ku America Toyota sinkagulitsa Land Cruiser ya dizilo. Imene inalipo m'zaka za m'ma 1990 ndi FZJ80 ya petulo, ya injini ya malita 4.5. Ndinaiyendetsako ya mnzanga. Imathamanga, sichita phokoso, zipangizo zake n'zosasowa, koma mafuta imamwa ngati ng'ombe yochokera kudambo louma. Ine ndinkafuna HZJ77 ya injini ya 1HZ, ya malita 4.2, yopanda tebo, yomwe pampu yake siidalira kompyuta. Mphamvu zake n'zochepa poyerekeza ndi ya petulo ija, koma zimabwera injini ikungolira chapansipansi. Pamtunda wa miyala umaika giya yotsika, kuchotsa phazi, iyo n'kumakwawa yokha.

Choyamba ndinaphunzira kuwerenga zaka. Lamulo la mu 1988 limaletsa kulowetsa galimoto yosakwaniritsa malamulo a chitetezo a kuno, pokhapokha itakwanitsa zaka 25. A EPA, oyang'anira za utsi, amalola ya zaka 21, bola injini ikhale yomwe inabwera nayo kapena yofanana nayo. Choncho galimoto iliyonse imene mwini wake anaisintha injini ndinkaidumpha, ngakhale ikhale yokongola motani. Pikiapu nayo ndinaisiya, chifukwa chiyambire 1964 galimoto zotere zochokera kunja zimalipira msonkho wa 25 peresenti.

Yanga ndinaipeza pa okishoni ku Japan kudzera mwa ejenti, mu Seputembala 2021. Apa m'pamene ndinatsala pang'ono kudziponda. Pa zithunzi panalembedwa 1996, ine n'kuti basi zaka zakwana. Pepala lotulutsira galimoto kunja litabwera, lonse la m'Chijapanizi, panali 8 ndi 11. Ku Japan amawerenga zaka potengera ulamuliro wa mfumu, ndiye 8 ameneyo ndi Heisei 8, kutanthauza 1996, ndipo 11 ndi Novembala. Zaka 25 zija amaziwerenga mpaka mwezi, osati chaka chokha, komanso amayang'ana tsiku limene galimoto yalowa m'dziko. Umboni umene ndinali nawo m'manja unali Novembala yekhayo. Ndinauza ejenti kuti aisunge kaye, n'kumalipira malo oimikapo kwa miyezi iwiri. Zinandiwawa, koma ikafika isanakwane msinkhu amaibweza kapena kuiphwanya, ndalama zake n'zako.

Isanakwere sitima anaitsuka kunsi konse, chifukwa a zaulimi salola dothi la dziko lina. Kwa galimoto imene yakhala ikusambira m'matope moyo wake wonse, si ntchito yamasewera. Inabwera pa sitima zija amangolowetsa galimoto poiyendetsa, popanda kontena, ndipo mkati simuyenera kukhala katundu.

Za mapepala ndinalemba ntchito munthu wodziwa za kasitomu, ndipo ndalama imeneyo sindidandaula nayo. Iye ndi amene anatumiza ISF, chidziwitso chouza a kasitomu za katundu amene akubwera, galimoto isanakwezedwe m'sitima. Ine ndinasaina mafomu awiri: HS-7 ya za chitetezo, pomwe ndinachonga bokosi loyamba la galimoto za zaka 25, ndi 3520-1 ya EPA, pomwe ndinalemba chilembo E cha galimoto za zaka 21. Ndinamasuliritsanso pepala la Chijapanizi lija m'Chingelezi. Msonkho ndinasiyira iye kuwerengera, poti mitengo yake imasinthasintha.

Kudoko sumangolowa ngati pamsika. Wopanda khadi ya TWIC, chiphaso cholowera kudoko, amalipira womuperekeza. Bambo amene anandiperekeza anandifikitsa pamzere wautali wa magalimoto, n'kuloza yoyera ya fumbi pagalasi. Ndinatsegula chitseko cha kumanzere mwachizolowezi, n'kupeza mpando wopanda chiwongolero. Iye anangoseka, akuti aliyense amatero. Nditatembenuza kiyi, zii. Mabatire anali atafa, ndipo ndi awiri, chifukwa magetsi ake ndi a mavoti 24. Galimoto ya bamboyo ya mavoti 12 sikanatithandiza. Tinadikira ola lathunthu kuti abwere ndi makina olizira mathiraki.

Ku ofesi yolembetsa magalimoto ndinapitako kawiri. Nambala ya chesesi ya ku Japan ndi yaifupi, sifika zilembo 17 zimene kompyuta yawo imayembekezera, ndiye mayi wa pawindo anaikana. Ulendo wachiwiri ndinatenga fomu 7501 ya kasitomu yodindidwa ndi kalata yoti nambalayo yaonedwa ndi maso, zinatheka. Dera lililonse (state) la kuno ku America lili ndi malamulo ake, ndipo California ndiye yovuta kwambiri pa za utsi. Funsani kwanuko musanatumize ndalama ku Japan.

Lamba wa taimingi ndinamusintha sabata yoyamba, poti amafunika kusintha pa makilomita 100,000 alionse ndipo sindinkadziwa za mwini wakale. Wailesi yoyamba ndinaiwotcha ndekha, nditaiwala za mavoti aja. Pamsewu waukulu ndimakhala kumbali ya oyenda pang'onopang'ono, mathiraki akundipitirira, mnzanga wa FZJ80 atazimiririka kalekale. Amakandidikira pomwe phula lathera, nthawi zambiri ali pamzere wothira petulo.