Funso la lero la Khristu Mfumu

Ndangotuluka kumene ku St Peter's Cathedral kuno ku Mzuzu, koma mtima sunakhazikike. Itatha Misa ya Khristu Mfumu, abambo tinatsalira kuti tisinkhesinkhe Mateyu 25. Bambo wina wachikulire anatifunsa motsitsa mawu: "Abale anga, Mfumu ikadzakhala pampando wake, inu mudzaima kudzanja lamanja kapena lamanzere?" Tonse tinangoti zii.

Chandilasa mtima n'chakuti Mfumuyi sidzandifunsa za udindo wanga ku mphakati, ngakhale za yunifolomu imene ndimavala monyadira. Idzafunsa za wanjala, mlendo, wodwala ndi wam'ndende. Mnzanga wa ku Chibavi wagona m'chipatala milungu iwiri tsopano, ine ndimadutsa pomwepo m'mawa uliwonse, koma sindinalowe kukamuzonda ngakhale kamodzi. Manyazi andigwira, abale, chifukwa Yesu amene ndamugwadira lero ndi yemweyo wagona pabedi paja.

Lamulungu likudzali tikulowa mu Adiventi, ndipo sindikufuna kulowamo ndi ngongole imeneyi. Mawa masana ndikupita kukamuona. Abambo anzanga amene muli pafupi, tiyeni tipitire limodzi.