Mbande zathu zinkafa ndi ludzu zili m'madzi

Nazale yathu ili ku Khombedza, chapafupi ndi msewu wa M5 wochokera ku Salima kupita ku Nkhotakota. Tinaiyamba mu 2018, ine ndi mayi a kunyumba, titagulitsa thonje. Tinagula machubu 2,000 ndi makheni awiri, wilibala tinkachita kubwereka. Cholinga chinali mango omezanitsa, chifukwa anthu anali atayamba kufunsa mitundu ya Kent, Keitt ndi Tommy Atkins, ndipo ambiri ankakaigula kutali.

Chaka choyambacho tinalira. Dothi lodzaza m'machubu ndinakakumba kudambo, makande akuda bii, poganiza kuti dothi lakuda ndiye lachonde. Pamwamba ndinamanga shedi ya udzu wothithikana moti masana mkati munkakhala ngati madzulo. Dzuwa la Okutobala kuno kunyanja silicheza, choncho ndinkathirira katatu pa tsiku. Patapita masabata angapo masamba anayamba chikasu, kenako kufota. Ine poona kufotako ndinati ndi ludzu, ndinawonjezera madzi. Pofika Novembala theka la mbande linali litapita.

Tsiku lina mwana wathu wamkulu, amene panthawiyo anali Fomu 3, anang'amba chubu chimodzi n'kuzula kambande. Mizu inali yakuda, yoterera, ikununkha ngati matope a m'ngalande. Anaiyang'anitsitsa, n'kunena kuti, "Bambo, mbandezi mukuzimiza. Mizu nayo imapuma."

Ndinamutsutsa. Ndinati, "Iwe, nanga mpunga wa ku Lifuwu umakhala m'madzi mwezi ndi mwezi, bwanji sufa?" Anathyola phesi la udzu wa m'dambo n'kundionetsa kuti mkati ndi mwamphako. Mpunga ndi zomera zina za m'madzi zili ndi tinjira ta mpweya tochokera kumasamba kukafika kumizu. Mango alibe zoterozo. Mizu yake imadalira mpweya wokhala m'timipata ta dothi, ndipo madzi akadzaza timipatato okosijeni, mpweya wopatsa moyo uja, amayenda mochedwa, pafupifupi ka 10,000 kuyerekeza ndi mmene amayendera mumpweya. Muzu ukasowa okosijeni umalephera ngakhale kukoka madzi amene auzungulira. Mbande zathu zinkafa ndi ludzu zili m'madzi.

Usiku umenewo tinakhala pakhonde ndi buku lake la bayoloje, iye akuwerenga Chingerezi n'kumandimasulira. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 8, koma zimene ndinamva zinandigwira mtima mpaka lero. Chamoyo chilichonse chinapangidwa ndi tizipinda tating'onoting'ono totchedwa maselo. M'selo ya muzu wa mango, monganso m'selo ya mkono wanga, muli timatumba totchedwa mitochondria. M'menemo shuga amaphwanyidwa pogwiritsa ntchito okosijeni, ndipo mphamvu yotulukayo imasungidwa m'kanthu kotchedwa ATP, kamene selo imagwiritsa ntchito pokula, pokoka mchere wa m'nthaka ndi podzikonza ikavulala. Zimafanana ndi mbaula: makala angakhalepo ambiri, koma ukatseka kumene kumalowera mphepo moto umazima. Kusiyana kwake n'kwakuti moto wa m'selo umayaka pang'onopang'ono, popanda lawi, usana ndi usiku.

Ndinafunsa kuti nanga shugayo akuchokera kuti, poti ine sindithira shuga m'machubu. Apa m'pamene ndinazindikira cholakwa changa chachiwiri, shedi ija. Kubiriwira kwa tsamba kumachokera m'timatumba tina totchedwa chloroplast. Timeneti timakola kuwala kwa dzuwa, n'kugwiritsa ntchito mphamvuyo kuswa madzi ochokera kumizu. Okosijeni wa m'madziwo amatuluka kupita mumlengalenga, ndipo chotsalacho chimalumikizidwa ndi mpweya wa kaboni dayokosaidi, umene umalowa pa timabowo tambiri ta kunsi kwa tsamba, n'kupanga shuga. Ine ndinali nditatsekera dzuwa kumwamba n'kutsekera mpweya kunsi.

Chimene ndinavutika kuchikhulupirira n'chakuti thunthu la mtengo silichokera m'dothi. Tonse tinakula tikudziwa kuti mbewu imadya nthaka. Koma kalekale, kudera limene lero ndi dziko la Belgium, kunali munthu wina dzina lake Jan Baptist van Helmont amene anadzala kamtengo kolemera makilogalamu awiri ndi pang'ono mumphika wa dothi loyezedwa bwino, n'kumangokathirira madzi kwa zaka zisanu. Mtengowo unafika makilogalamu oposa 70, pamene dothi linachepa ndi magalamu osakwana 60. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 1648. Iye anaganiza kuti zonse zachokera m'madzi, ndipo anaphonya mbali yaikulu, chifukwa kaboni amene amamanga thabwa amachokera mumpweya. Mu 1779 Jan Ingenhousz ndi amene anaonetsa kuti masamba amatulutsa mpweya wabwino uja wa okosijeni pokhapokha pali kuwala. Kuyambira pamenepo ndikaona thumba la makala pa njinga likupita ku Kamuzu Road, ndimaona mpweya umene mtengo unatolera zaka makumi angapo, ukukabwezedwa kumwamba m'masiku ochepa.

Chaka chachiwiri tinasintha zonse. Dothi timasakaniza magawo awiri a dothi lapamwamba la pansi pa mitengo, gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje ndi gawo limodzi la manyowa owolerana bwino. Chubu chilichonse timachiboola kunsi. Tisanathirire timapisa chala, chikatuluka chonyowa kheni imabwerera. Udzu wa pa shedi tinaupatula kuti dzuwa lizilowa mwamawangamawanga, ndipo kukatsala masabata ochepa kuti mbande zipite kumunda timauchotseratu kuti zizolowere. Nthawi ya mwera timatchinga mbali ya kummwera ndi mpanda wa bango, chifukwa mphepoyo imaumitsa masamba msanga kuposa mmene mizu ingabwezere madzi.

Ngakhale kumezanitsa ndinayamba kukumvetsa. Kanthambi ka Kent kamene timalumikiza pa tsinde la mango achikuda timakachotsa masamba onse kuti kasataye madzi, ndiye kwa masiku angapo kamakhala ndi moyo ndi chakudya chimene kanasunga kale. N'chifukwa chake kanthambi konenepa bwino, ka maso otupa, kamagwira kusiyana ndi kowonda. Mayi a kunyumba ndiwo katswiri pa ntchito imeneyi. Dzanja lawo silinjenjemera, amadula kamodzi, khungu n'kukumana ndi khungu, n'kumanga ndi kapulasitiki. Ine ndimangonola mipeni.

Mtengo umene ndimaukonda kwambiri, ngakhale subweretsa ndalama ngati mango, ndi msangu. Kuno ku Salima aliyense amadziwa kuti chimanga cha pansi pa msangu chimachita bwino. Mtengowu umayoyola masamba nthawi ya dzinja pamene ina ikuphuka, motero chimanga chimalandira dzuwa komanso manyowa a masambawo. Kumizu kwake kuli timatuza mmene mumakhala mabakiteriya. Mpweya umene timapumawu, magawo 78 pa 100 alionse ndi nayitrojeni, chakudya chomwe chija timachifuna mu feteleza wa Urea, koma mbewu payokha singautenge. Mabakiteriyawo ndi amene amausandutsa chakudya, mtengo n'kumawalipira ndi shuga. Zimachitikanso mu mtedza, soya ndi nandolo. Njere za msangu n'zolimba khungu, timazicheka pang'ono ndi chowengera zikhadabo tisanafese. Machubu ake timaika pa thandala, chifukwa muzu wake umathamangira pansi ndipo ukalowa m'nthaka ya nazale, pozula umaduka.

Mwana uja atapita ku koleji anabweranso ndi nkhani ina imene inandisowetsa tulo. Anati timatumba tobiriwira ta m'tsamba tija kalekale tinali mabakiteriya odziimira paokha, a mtundu wa cyanobacteria, amene anamezedwa ndi selo ina koma osagayidwa, n'kukhazikika momwemo. Mitochondria nawonso chimodzimodzi, kungoti anachokera ku mabakiteriya a mtundu wina. Mpaka lero onsewa ali ndi DNA yawoyawo, kanthu kosunga malangizo a chibadwa, ndipo amachulukana podzigawa pakati ngati mabakiteriya. Wasayansi wa ku America, Lynn Margulis, analemba mfundo imeneyi mu 1967, ambiri anayamba aikana, koma umboni unadzamuikira kumbuyo. Asayansi amati dziko lili ndi zaka pafupifupi mabiliyoni 4.5, ndipo ku Australia kuli miyala yosunga zizindikiro za tamoyo ta zaka pafupifupi mabiliyoni 3.5 zapitazo. Kwa nthawi yaitali mumlengalenga munalibe okosijeni woti n'kupuma. Anayamba kuchuluka zaka pafupifupi mabiliyoni 2.4 zapitazo, chifukwa cha timabakiteriya ta m'madzi timeneti, ndipo lero ali magawo 21 pa 100. Ine ndine munthu wopemphera, Lamulungu sindijomba, ndipo kumva zimenezi kunangondiwonjezera ulemu pa chilengedwe. Ndikapita ku Senga Bay n'kuona ndere pamiyala, ndimadziwa kuti ntchito imene ikuchitika pamenepo ndi yomwe ija ya m'masamba a mango anga. Tomera tosaoneka ndi maso toyandama m'nyanjamo ndi timene timadyetsa chambo, komanso tizilombo timene usipa umadya.

Lero tili ndi antchito atatu, ndipo nthawi yodzala mitengo ikayandikira mu Disembala timatenganso aganyu odzaza machubu. Amagula kwa ife ndi alimi, masukulu, mipingo ndi makomiti a m'midzi. Vuto lathu lalikulu likadali madzi: chitsime chimatsika kwambiri mu Okutobala, ndipo tikusunga ndalama za pampu ya sola. Mbuzi za m'mudzi nazo sizitipatsa mtendere.

Wogula aliyense sindimulola kunyamuka ndisanamuonetse kadzalidwe. Sabata yatha kunabwera agogo ena a ku Thavite kudzatenga mango asanu. Anati, "Mwanangu, kwathu n'kudambo, ndiwakumbira dzenje lakuya kuti madzi azikhalamo." Ndinawatengera kuseri kwa shedi, ndinaunjika dothi kachulu kofika m'bondo, n'kuika chubu pamwamba pake. Ndinati, "Agogo, kudambo muzidzala chonchi, madzi azitsetsereka, mizu izipeza mpweya." Anagwada n'kupisa chala m'dothi lija monga timachitira ife, n'kuuza mdzukulu wawo kuti aone bwinobwino, poti khasu adzagwira ndi iyeyo.